Tsiku Limene Sindinacheuke

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amayi anasiya kundiyankha. Sikuti anagontha ayi. Tsiku lina ndinabwera kuchokera kusukulu, n'kuponya chikwama pabedi, ndikunena monga mwa masiku onse kuti, "Mama, ngilambile," kutanthauza m'Chindebele kuti ndili ndi njala. Iwo anangopitiriza kupalasa makina awo osokera ngati m'nyumbamo simunalowe munthu. Ndinabwereza kachiwiri, kachitatu mokuwa. Ndipo anaimitsa phazi n'kunena osandiyang'ana n'komwe, "Pempha m'chinenero cha bambo ako. Kumene ukupitako palibe amene adzakumve."

Umu ndi mmene ndinadziwira kuti pali kumene ndikupita.

Tinkakhala ku Njube, mumzinda wa Bulawayo, m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya MaSibanda, mayi wamasiye wa Chindebele, wathupi, wa mawu omveka mpaka kumsewu. Amayi anabadwira komweko, mwana wa matchona. Bambo awo anachoka ku Nyasalande ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo dzina la mudzi wawo anapita nalo kumanda. Choncho amayi anali Mmalawi woti Malawi sanamupondepo, chitupa chawo cha ku Zimbabwe chinkawatchula mlendo, ndipo pasipoti analibe ya dziko lililonse. Bambo anga ndiwo anali ochokeradi kumudzi, ku Dedza, anabwera kudzawotcherera zitsulo kumafakitale a ku Kelvin. Asanamwalire, ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anapita nane ku Harare kukandilembetsa monga mwana wa ku Malawi n'kunditengera pasipoti. Kabukuko kankakhala m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi mabatani.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti matenda amene anatenga bambo anali atafika pa amayi, ndipo masiku amenewo mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kwa anthu ngati ife. Chifuwa ndinkachimva. Masiketi akuwathawa m'chiuno ndinkawaona. Koma mwana amaona zinthu popanda kuziwerenga. Amayi anali atalembera kale kalata azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, ndipo iwo anavomera kundilera, koma analibe njira yodzanditengera. Basi yodutsa ku Mozambique sinkanyamula mwana wopanda wamkulu. Ndege yokha ndiyo inkalola mwana kuyenda yekha, atamukoleka mapepala m'khosi. Ndiye amayi anatsala ndi miyezi itatu yoti andisandutse munthu wotha kuwoloka mayiko ndekha, mphamvu zawo zisanathe. Ndipo ine, abale inu, ndinali wamantha osati masewera. Kuchimbudzi chapanja ndinkafuna wondiperekeza dzuwa likuswa mtengo.

Anayambira pakamwa. Chichewa ndinkachimva chonse, koma kuti chituluke chinkakanirira pakhosi, chifukwa kusukulu ukachilankhula anzako ankakuseka mpaka belu kulira. Tsopano madzi akumwa, sopo, pensulo, chilichonse ndinkayenera kupempha m'Chichewa, apo ayi ndikhale choncho. Ine ndi makani angawa ndinati tiona amene ayambe kutopa. Tsiku loyambalo ndinakhala ndi njala mpaka dzuwa kupendeka, buledi ali poteropo atamuvundikira ndi mbale. MaSibanda anayesa kundipatsira mbatata pawindo, amayi anaibweza ndi dzanja lawo. Ndinagonja madzulo ndithu, n'kung'ung'udza kuti, "Ndikufuna buledi." Anati, "Wamkulu sauzidwa kuti ndikufuna. Yambanso." Ndinadya buledi uja wonyowa ndi misozi.

Kenaka anayamba kundikweza kombi, minibasi ya kumeneko, ndekha. Loweruka lililonse ankandituma kutauni kukagula ulusi: kukwera pa siteji ya ku Njube, kutsika ku Egodini kumene makombi onse amathera, kuyenda misewu itatu mpaka pasitolo ya Mmwenye, n'kubwerera. Ndalama ankazilowetsa mu sokosi. Ankati ndikasokera ndifunse mayi wobereka mwana kapena munthu wa yunifolomu, koma mwamuna akandiitana ndisapite ngakhale atchule dzina langa. Lamulo lalikulu ankalinena pomaliza, atandigwira chibwano.

"Ukangotuluka pageti ili, Thoko, usacheuke. Wocheukacheuka amadziulula yekha kuti ndi wosokera. Akuba amamuonera patali."

Ulendo woyamba khosi langa linayamba kutembenuka lokha ndisanafike n'komwe pamtengo wa pakona. Mawu anandipeza kumbuyo ngati mwala: "Ndati usacheuke!" Ndinawongoka. Mu kombimo anandipanikiza pakati pa bambo wina wonunkha mafuta a galimoto ndi thumba la kabichi, mapazi ali pachitsulo chotentha cha injini. Pobwerera ndinalephera kukuwa kuti nditsika, mawu anangothera m'mano, ndipo anandipitirira masiteji awiri. Ndinabwerera wapansi ndikulira. Loweruka lachinayi ndinali nditaphunzira kukuwa kuposa kondakitala, koma mumtima ndinali nditayambanso kusunga kanthu kena kowawa, kamene kankakula Loweruka ndi Loweruka.

Kanthuko kanaphulika tsiku la ku Belmont. Kumeneko n'kumene amayi ankagwira ntchito kale, pafakitale ya zovala imene inatsekedwa. Anandipatsa phukusi la mayunifolomu a sukulu kuti ndikapereke kwa mnzawo wina amene ankagulitsa pageti la fakitale imodzi imene inali ikugwirabe ntchito. Apa panafunika makombi awiri. Anandijambulira njira papepala, koma ine ndi mantha ndinatsika msanga, ndipo kombi itachoka ndinapezeka ndili pamsewu wautali wopanda munthu. Mbali zonse kunali mafakitale akufa: mageti omangidwa ndi matcheni adzimbiri, mawindo osweka, udzu ndi chisoso zofika m'chiuno. Kunali zii, kupatula lata lina limene linkamenyedwa ndi mphepo. Ndinayenda pang'ono, ndinabwerera, ndinalowa panjira ina, zonse zinkangofanana. Kenaka miyendo inakana. Ndinaima pakati pa msewu nditakumbatira phukusi lija, ndipo ndisabise, ndinadzikodzera.

Ndinalira kwa nthawi yaitali, ndikuitana amayi m'zinenero zonse ziwiri. Palibe anabwera. Dzuwa linasuntha, diresi linauma pathupi pomwepo, misozi nayo inatha yokha. Misozi itatha m'pamene maso anayamba kugwira ntchito: patali, pageti lina, panali kautsi. Ndinapita. Anali mlonda wachikulire wa yunifolomu yothetheka, akuwotha kamoto m'chitini. Ndinamuonetsa pepala lija, iye analoza ndi ndodo yake, ndipo fakitale imene ndinkafuna inali kuseri kwa mpanda womwewo. Ndinapereka phukusi, ndinakwera makombi anga awiri, ndinafika kunyumba n'kupeza chitseko chili chokhoma.

Ha! Mtima unandipweteka kuposa ku Belmont kuja. Ine kusokera, kufa ndi mantha, eni ake mwana osakhala n'komwe pakhomo kudikira. Ndinakhala pakhonde ndikuthothola chisoso pa sokosi. Patapita kanthawi geti linalira, amayi analowa atatsamira paphewa la MaSibanda, milomo itatuwa, chitenje chawo nachonso chili chisoso chokhachokha. MaSibanda anafulumira kunena kuti anali kuchipatala, ngakhale palibe anawafunsa.

"Amayi, ndinasokera," ndinatero.

"Ndiye wafika bwanji pano?"

"Ndinafunsa mlonda."

"Basi, ndiye kuti sunasokere. Kavule zovalazo uzichape."

Diresi linali litauma kalekale, koma mkwiyo unanditseka mutu, sindinadzifunse kuti adziwa bwanji. Ndinaimirira, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalankhula Chichewa chathunthu, chopanda kudodoma, chopanda liwu la Chindebele ngakhale limodzi. Ndinati, "Inu simundikonda. Mukungofuna kunditaya kuti mupume." MaSibanda sankamva Chichewa koma anagwira pakamwa. Amayi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Walankhula bwino. Tsopano azakhali ako adzakumva." Analowa m'nyumba n'kukagona chafufumimba.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkachita zonse zimene anena, mwaukhondo, mosalakwitsa, koma osawasekerera. Ndinali nditapeza njira yowalangira.

Chinthu chomaliza chimene anasoka chinali diresi langa laulendo, labuluu, la nsalu yolimba ngati ya yunifolomu. Anakhala nalo masiku anayi, chifukwa ankapalasa pang'ono n'kupuma. Linali lolemera kumunsi ndipo linkandimenya m'miyendo, ine n'kumati ngakhale kusoka ayamba kuiwala. Atangolimaliza kunabwera bambo wina ndi wilibala kudzanyamula makina aja, ndipo patapita masiku ochepa m'chitini cha mabisiketi munalowa tikiti ya ndege. Pamene panali makina panatsala madontho anayi a mafuta pasimenti.

Tsiku laulendo linali la m'nyengo yozizira, mphepo ya ku Bulawayo ija yolowa mpaka m'mafupa. Tinapita pa galimoto ya katundu ya mwana wa MaSibanda, chifukwa bwalo la ndege lili kutali kunja kwa mzinda. Amayi anavala majuzi awiri ndi duku latsopano, ndipo m'mawa umenewo anayenda okha osatsamira munthu, zimene zinandilimbitsa maganizo akuti kudwala kwawo n'kochita kufuna. Pa kauntala anasaina mapepala. Mayi wina wa yunifolomu anandikoleka m'khosi kachikwama kapulasitiki muli pasipoti, tikiti ndi dzina la azakhali. Anati tili ndi kamphindi kotsanzikana.

MaSibanda anandikumbatira mpaka mpweya kundithera, akulira mosabisa, akuti, "Hamba kahle, mntanami," ndiye kuti pita bwino mwana wanga. Amayi anangondikonza kolala. Ndinali nditalumbira kuti sindiwalankhula, koma funso linatuluka lokha.

"Inu mubwera liti?"

"Manga chingwe cha nsapatocho."

Ndinawerama n'kumanga. Nditawongoka anati, "Ku Harare utsika, udikira ndege ina. Ukaona kuti akuiwala, usalire, funsa. Wamva?" Ndinagwedeza mutu. Ndipo anaika dzanja lawo pamutu panga. Linali lotentha ngati simbi, lopepuka, ndipo linakhala pamenepo osachoka. Ine ndinapendeketsa mutu n'kulisasa kuti ligwe. Ndalemba chiganizo chimenechi kangapo ndikufuna kuchifewetsa, koma ndi mmene zinachitikira: ndinasasa dzanja la amayi anga.

"Pita," anatero. "Usacheuke."

Mayi wa yunifolomu uja anandigwira dzanja, tinauyamba kulowera kukhomo lagalasi. Titangodutsa khomolo ndinamva kumbuyo chinthu chikugwa, phii, ngati thumba la ufa, kenaka mapazi othamanga ndi mawu a MaSibanda akukuwa kuti, "Maye! Maye!" Mayi wa yunifolomu uja anacheuka, anandifinya dzanja n'kuwonjezera liwiro. Ine sindinacheuke. Ndipo musandiyamikire kuti ndinali womvera. Mumtima ndinkati, si munanena nokha kuti ndisacheuke, lero muona. Ndinayenda khosi lili gwa mpaka pamakwerero a ndege.

Za mlengalenga ndikukumbukira zochepa. Makutu anatseka, ndinasanzira m'kathumba kapepala. Pawindo ndinaona madenga ang'onoang'ono ndi zinsanja zonenepa za fakitale ya magetsi ya pakati pa tauni, ndinayesa kufuna Njube koma nyumba zonse zinali zofanana, kenaka mtambo unatseka.

Ku Harare anandikhazika pampando m'chipinda chachikulu chodikiramo, mayi wina wa yunifolomu n'kundiuza kuti ndisasunthe, abwera kudzanditenga. Anapita osabweranso. Kaya nthawi yake yoweruka inakwana, kaya anangoiwala, sindidziwa mpaka lero. Ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana muvi wa wotchi yapakhoma, anthu akubwera ndi kupita. Kenaka pachimkuzamawu ndinamva dzina lakuti Lilongwe. Patapita kanthawi ndinalimvanso. Miyendo inayamba kuchita zija za ku Belmont, kulemera, kuzizira, ndipo chikhodzodzo chinayamba kundiopseza. Koma nthawi ino thupi linkaidziwa njira. Ndinadziwa kuti kulira kumatha ndipo palibe amabwera, ndiye bola kungoyambira pamene kulira kumathera. Ndinaimirira n'kuyang'ana mayi wobereka mwana.

Ndinamupeza pamzere wina chakutali, atabereka khanda pachitenje, akukalipira mwamuna wake m'Chichewa za chikwama. Ndinamugwira chitenje n'kunena, "Zikomo amayi, ndikupita ku Lilongwe, ndili ndekha, andiiwala." Anayang'ana kachikwama ka m'khosi kaja n'kufuula, "Mayo ine, mwana wa eni ake!" Anandikoka mpaka kutsogolo kwa mzere akulalatira aliyense wa yunifolomu amene anakumana naye. Kunachitika chipwirikiti, mapepala anasainidwa mothamanga, ndipo ndinali munthu womaliza kulowa m'ndegemo. Ndikanakhala pampando paja kudikira monga anandiuzira, ikanandisiya.

Ku Lilongwe azakhali anandidikira atanyamula chithunzi cha bambo. Anali ndi mpata wa mano ngati wa bambo womwe. Ndinagwada n'kuwapatsa moni monga anandiphunzitsira amayi, iwo n'kudabwa kuti mwana wa ku Zimbabwe akulankhula chonchi. Mawa lake, tili ku Dedza, anatenga diresi labuluu lija kuti alichape. Ndinawaona akulipapasa kumunsi, kenaka anatenga lezala n'kumasula pang'ono. Linali lopindidwa katatu, mpindo uliwonse wosokedwa pawokha ndi ulusi woyera kuti usavute kumasula. M'mbali namonso munali nsalu yobisidwa. Azakhali anakhala pansi pafupi ndi beseni n'kuyamba kulira, manja ali thovu lokhalokha. Ine ndinkaganiza kuti akulira mlongo wawo. Iwo anali atawerenga kalata imene ine ndinaivala osaidziwa: munthu woyembekezera kudzakuonanso pa Khirisimasi sakusokera diresi la zaka zinayi.

Uthenga unafika patatha milungu isanu ndi iwiri, kudzera pa telefoni ya pagolosale. Maliro anali ataikidwa kale. Anthu anasonkhana pakhomo pa azakhali kudzakhuza, amayi a m'mudzi akulira munthu amene sanamuonepo, ine ndili phee, maso ouma. Ankanong'onezana kuti mwanayu ndi wolimba mtima. Sikunali kulimba mtima. Ndinkaona ngati amayi andipambananso, achoka ndisanamalize kuwalanga.

Diresi lija ndinalivala mpaka mpindo womaliza, azakhali akumasula umodzi chaka chilichonse. Ndipo ndinakuladi wosaopa njira. Kusekondale ndinapita ndekha ndi sutikesi pamutu. Ku Lilongwe ndinakafuna malo ndekha, ndinayamba geni ya zitenje ndekha, maofesi amene anzanga ankaopa kulowa ine ndinkagogoda n'kufunsa. Anthu akandiyamikira ndinkayankha monyada kuti ndinadzilera ndekha, palibe anandigwirapo dzanja. Azakhali akamva zimenezi ankangoti, "Mako ndi mako, Thoko," ine n'kusintha nkhani. Mkwiyo umenewo ndinausunga zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinkausamala bwino.

Geni yomweyo ndiyo inandibwezera ku Bulawayo, pa basi tsopano, ndi mabelo awiri a zitenje. Ndinadziuza kuti ndapitira malonda, koma tsiku lachiwiri miyendo inandifikitsa ku Njube. Geti linali lomwe lija. MaSibanda ndinawapeza pakhonde, ataphwa thupi, maso atachita khungu ndi matenda a shuga. Nditatchula dzina langa anandipapasa nkhope ndi manja onse awiri. Chindebele changa chinali chitachita dzimbiri, ndinkachimva koma pakamwa chinkakana, monga chinkachitira Chichewa kale. Choncho iwo ndiwo analankhula, ine ndikumvetsera. Ndinangofunsa chinthu chimodzi, mwamwano ndithu: ngati amayi anandifunsako asanamwalire.

MaSibanda anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Anati, "Iwe mwana, ukuganiza kuti kutauni kuja unkapita wekha? Loweruka lililonse ukangokhota pakona, mayi ako ankavala nsapato, ine n'kuwagwira mkono, tinkakwera kombi yotsatira. Ku Egodini tinkayenda kumbuyo kwako, tikubisala m'misika ya tomato. N'chifukwa chake ankakuletsa kucheuka. Za akuba zinali zoona, koma akuba enieni tinali ife."

Ndinafunsa za ku Belmont.

"Tinali kuseri kwa khoma la fakitale, m'thengo muja, pafupi moti ndikanakugenda ndi mwala. Unalira mpaka ine ndinati basi, ndikukamutenga mwanayu, izi ndi nkhanza. Mayi ako anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. Anati, mukamutenga lero, ku Harare adzamutenga ndani? Chifuwa chitawagwira analuma chitenje kuti usamve. Unaima ola lathunthu iwe, iwonso anaima ola lathunthu, munthu woti kunyumba ankalephera kufika pampopi."

Za kubwalo la ndege sindinafunse, ananena okha. Anati masiku atatu ulendo usanachitike amayi sankadzuka, ndipo m'mawa umenewo anakapempha jakisoni kwa namwino wina woyandikana nawo kuti angoima maola awiri, ndiwaone ali chilili. Anaima mpaka ndinadutsa khomo lagalasi, kenaka anagwa. "Ali pansi pomwepo, anthu akuwakupiza, ankangondifunsa chinthu chimodzi: wacheuka? Wacheuka? Ndinati ayi, akupita. Anati, zikomo Mulungu. Ankadziwa kuti ukawaona pansi sukwera ndegeyo, ndipo tikiti ina kunalibe, nthawi inanso kunalibe. Kuchoka pamenepo tinapita nawo kuchipatala. M'kachipinda kanu kaja sanalowemonso."

Apa m'pamene ndinalira maliro a amayi anga, pakhonde la MaSibanda, mochedwa ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinaulula m'Chindebele changa chothyokathyoka kuti sindinacheuke chifukwa cha mwano, osati kumvera, ndiponso kuti ndinasasa dzanja lawo. MaSibanda anati, "Ankadziwa. Tsiku lija unawanyoza pakhonde pano, anandiuza kuti musiyeni, mantha amagwetsa mwana koma mkwiyo umamuyendetsa. Bola andide, koma akafike."

Mawa lake mdzukulu wa MaSibanda anandilozera manda a amayi ku Luveve. Panalibe mwala, koma kachitsulo kadzimbiri ka nambala. Ndinalimirapo ndi manja, ndinakhala pansi, ndinalankhula nawo m'Chichewa, mwaulemu, monga amapemphera munthu kwa wamkulu.

Ndimaganizabe za njira imene amayi anasankha, ndipo sindinganame kuti ndimaivomereza yonse. Anandipatsa miyendo, zimenezo n'zoona, ndipo popanda miyendo imeneyo ndikanatsala pampando ku Harare, mwinanso ndikanatsala ku Njube, mwana wamasiye wopanda wachibale m'dziko limene linkatitcha alendo. Koma anandilanda kutsanzikana. Nkhope yawo yomaliza ndilibe. Chimene ndili nacho ndi kutentha kwa dzanja limene ndinalisasa, ndipo palibe chimene ndingachite kuti ndilibwezere pamutu panga. Mwina akanandiuza zoona ndikanakana kukwera. Mwina ndikanakwera ndikulira koma tili pamtendere. Iwo analibe nthawi yoyesa njira ziwiri, anasankha imene inali yotsimikizika, n'kulipira okha mtengo wake.

Chimene ndasiya n'kunena kuti ndinadzilera ndekha. Linali bodza, ngakhale sindinkadziwa. Mwana salimba mtima chifukwa chotayidwa. Amalimba chifukwa wina wamusiya kuti ayese, wamuona akulira, manja akumuyabwa kuti amunyamule, koma wadzigwira. Ntchito yowawa si ya mwana amene ali pamsewu, ndi ya amene ali kuseri kwa khoma.

Panopa ndili ndi mwana wanga wamkazi, Chisomo, wa zaka zisanu ndi zitatu, wamantha ngati amake. Chaka chino wayamba kupita yekha kusukulu, ulendo wodutsa pamsika ndi kuwoloka msewu wa maminibasi. Ndinamuphunzitsa zonse zija: ndalama mu sokosi, mayi wobereka mwana, usalire, funsa. Lamulo limodzi lokha ndinalisintha. Ndinamuuza kuti akafika pakona azicheuka kamodzi, ngakhale titakangana m'mawa umenewo, ngakhale atandikwiyira chotani.

Ndiye amafika pakonapo, amacheuka, nthawi zina nkhope ili ndwii. Ine ndimakweza dzanja, iye n'kukhota. Kenaka ndimavala nsapato, ndimakhoma geti, n'kumutsatira chapatali.